PAKHONDE PATHU: Chingwe, Tchizulo ndi Nkhalango ya Kaning'ina

 Ulendo uno nkhani yathu sitinaitole pamchenga ayi. Tinakaitola kumtunda, ku Mzuzu, kumene tinapita m'mwezi wa June kukaona mdzukulu amene mwana wa mlongo wathu anali atangotipatsa kumene. Inu amene simunagoneko ku Mzuzu nyengo imeneyo, mukamadzapita mudzatenge mabulangete awiri ndipo musadzachite nazo manyazi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo madzi a m'bandakucha amaluma zala ngati munawalakwira.

Mkamwini wathu amakhala ku Kaning'ina, chakum'mawa kwa mzindawu, kumene nyumba zimathera ndi kuyamba mapiri a nkhalango. Loweruka masana titatha kudya iye anati, "Amalume, tiyeni mukaone kumene ndimaswera Loweruka langa." Mkazi wake ali ndi khanda pamiyendo anaseka nati, "Pitani ndithu amalume, mukamuone mkazi mnzanga." Ife tinkayesa ndi bawo kapena mpira. Koma tinakafika kuseri kwa nyumba ya bambo wina wopuma pantchito, pa chisakasa cha malata akale, ndipo chimene chinatilonjera poyamba ndi fungo la mtengo wauwisi ndi zibenthu zopotanapotana zofika m'kakolo.

Tinawerenga anthu 11. Panali madala atatu, abambo a msinkhu wapakati, anyamata, mayi mmodzi wosoka zovala ndi atsikana awiri a kusekondale. Chitumbuka, Chitonga ndi Chichewa zinkangolowana, ndipo wina atamva kumene tachokera anatiponyera moni wa Chiyao wokhota pang'ono, koma tinaulandira ndi manja awiri. Gululi lilibe chikwangwani pakhomo. Ali ndi kope la sukulu lolembamo zopereka ndi malamulo, ali ndi wosunga chuma, ndipo ali ndi ketulo yakuda bii imene sichoka pamoto. Chimene chimawasonkhanitsa ndi luso losema mtengo pamene ukuzungulira.

Tiyeni tifotokoze bwino, pakuti ambiri a ife tinazolowera kuona mmisiri akusema bwato kapena mtondo ndi kasemasema, mtengo uli chigonere. Apa zinthu n'zotembenuka. Mtengo ndiwo umayenda, chitsulo chimangodikira. Pa thabwa lokhuthala amaimikapo timizati tiwiri, ndipo kalikonse kali ndi msomali wosongoka woyang'anizana ndi unzake. Chipika amachipana pakati pa misomaliyo kuti chizitha kuzungulira. Kenaka amachikulunga ndi chingwe kawiri kapena katatu. Mnyamata amakhala pansi atatambasula miyendo, nsonga za chingwe zili m'manja onse awiri, n'kumakoka uku, kukoka uku, ngati akupalasa bwato. Chipikacho chimazungulira kupita, n'kubwerera. Mmisiri amatsamiritsa tchizulo pa kamtengo kopingasa, ndipo amadula pokhapokha chipika chikuzungulira chobwera kwa iye. Chikamabwerera amabweza dzanja pang'ono kuti chitsulo chisakhudze. Choncho anthu awiriwa ayenera kumvana ngati woyimba ng'oma ndi wovina. Wokoka akafulumira mosayenera kapena akayamba kuganiza za kwawo, ntchito yonse imaonongeka.

Ali nawonso makina ena oyendera magetsi, amene Angerezi amawatcha lathe. Anawalumikiza okha ndi mota yakale, lamba ndi zitsulo zotola kwa okonza magalimoto. Amathamanga, ndipo safuna wokoka. Koma anatiuza kuti m'chaka cha 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire ndipo dziko lonse linalowa m'kuthimathima kwa miyezi yambiri, makina a motawo anangokhala pangodya atafunditsidwa chiguduli. Chingwe ndicho chinasunga gululo. Mpaka lero aliyense wobwera kumene amayamba ndi kukoka chingwe, ngakhale akhale bwana kuntchito kwake. Mkamwini wathu akuti anakoka ma Loweruka asanu ndi limodzi asanaloledwe kugwira tchizulo, ndipo m'kukokamo ndi m'mene anaphunzirira kumva ndi khutu ngati chitsulo chikudya bwino kapena chikungokanda.

Nafenso anatipatsa mpata. Tisaname, tinapita pamenepo ndi mtima wakuti mwana wa msodzi amene anagwirapo nkhafi sangalephere kanthu kakang'ono kotere. Tisanagwire n'komwe, mwini chisakasa anatiimitsa. "Bambo, pindani manja a mkanjowo mpaka m'zigongono. Mtengo ukamazungulira sudziwa mlendo." Anatipatsanso chotchinga kumaso. Titangoika tchizulo, nsonga yake inakodwa m'chipika, dzanja linanjanja, ndipo pamtengo wosalala uja panatsala chibowo chonga chakulumidwa ndi fisi. Atsikana aja anabisa nkhope m'mipango. Wamkulu mwa iwo ndiye anadzatigwira dzanja natisonyeza kuti msana wa chitsulo uyambe wagona pamtengo, kenaka n'kukweza chigwiriro pang'onopang'ono mpaka kukamwa kwake kuyambe kudya. Pamenepo chibenthu chachitali chinatuluka ngati riboni. Chisangalalo chimene tinamva sitichita nacho manyazi kuchilemba pano.

Zimene amapanga ndi za m'nyumba zathu zomwezi: mbale, timitondo tosinjira adyo ndi tsabola, timitengo topsinjira chapati, miyendo ya matebulo ndi mipando, zigwiriro za mipeni ndi matupa, ndodo zoyendera madala, ndi nguli za ana. Mayi wosoka uja amapanga mabatani akuluakulu ndi timitengo tokulungira ulusi. Mkamwini wathu akulimbana ndi mikanda ya tasbih. Akuti kupanga mkanda umodzi si kanthu, koma kupanga 33 yofanana ndiye mayeso, ndipo m'chitini chake munali yoposa 50 imene anaikana yekha. Anatinong'oneza kuti luso limeneli analikonda chifukwa silimufikitsa pa funso losema nkhope za anthu kapena zinyama, limene lija limavutitsa achinyamata athu ena ogulitsa ziboliboli ku Senga Bay. Chotuluka pa chingwe chimakhala chozungulira basi.

Dzuwa likapendeka amaimitsa ntchito, n'kuika patebulo chilichonse chimene munthu wapanga sabata imeneyo. Chinthucho chimayenda m'manja mwa aliyense. Wina amachigogoda ndi chala, wina amayeza kukhuthala kwa m'mbali ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo amanena mosabisa: pansi apa palemera, mlomo uwu wachepa, apa sandipepa mwamuthamangira. Tinaona dala wa imvi akudzudzulidwa ndi mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake, iye n'kungogwedeza mutu kuvomera. Kwathu kuno zimenezi sizichitikachitika. Pamenepo tiyi amakhala wapsa. Nthawi ya Asr itakwana, mkamwini wathu ndi mnzake wina anasamba napita kuseri, ndipo anzawo a mipingo ina anangosiya makina a mota kuti pakhale bata, popanda wowauza. Ndalama za m'kope lija zimagula sandipepa, mafuta ndi shuga, koma tinamva kuti zinagwiranso ntchito pamene mmodzi wa iwo anagonekedwa m'chipatala.

Tsono tifike pa chimene chatilembetsa nkhaniyi. Tili pa tiyi pomwepo, mnyamata wina anatulukira akukankha njinga, atamangirira chipika cha mlombwa. Chinali chauwisi, utomoni wake wofiira ngati magazi usanaume n'komwe. Maso a aliyense anawala, pakuti mlombwa ndi mtengo umene mmisiri aliyense amaulota: sufufutidwa msanga, supindika ukauma, ndipo mtima wake uli ndi mizere yokongola. Koma mwini chisakasa anafunsa funso limodzi lokha. "Mwana wanga, wautenga kuti?" Mnyamatayo anati waugula kwa munthu wina amene amatsika ndi makala usiku.

Mkangano umene unabuka pamenepo unali wa anthu okondana, koma unali wotentha. Bambo wina anati mtengowo wagwa kale, ndipo akaukana ukathera mu uvuni wa makala n'kupsa usiku umodzi pophika nyemba, pamene iwo akanaupanga mbale yoti adzadyeremo ndi adzukulu. Mwini chisakasa anayankha kuti wogulitsayo akalandira ndalama lero, mawa akadula wina, ndipo ulendo umenewo adzakhala atawadulira iwowo. Anatsegula kope lija nawerenga lamulo limene anagwirizana kalekale, lakuti mtengo wosadziwika kumene wachokera usakwere pa makina awo. Mnyamatayo anamangiriranso chipika chake nachoka, tiyi wake osamaliza.

Ife tinakhala chete monga alendo, koma pano ndi pakhonde pathu, tinenapo. Bambo woyamba uja sananame. Anthu osema mbale si amene akumaliza nkhalango za dziko lino. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo thumba la makala limene limatsika usiku limagulidwa ndi ife tomwe, a m'tauni ndi a m'ma trading centre. Chipika chimodzi pa njinga ndi kadontho chabe. Komabe tikuima ndi mwini chisakasa, pa chifukwa chimene chimaoneka ukangotukula maso uli pabwalo pakepo. Mapiri amene ali kuseriko ndi nkhalango yotetezedwa ya Kaning'ina, ndipo mvula yogwa m'mapiri a mbali imeneyo ndiyo imadzaza damu la Lunyangwa, kumene mzinda wa Mzuzu umatunga madzi ake a m'mipope. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu oposa 220,000. Mitengo ikachoka paphiri, mvula siilowanso pansi pang'onopang'ono. Imathamanga pamwamba itanyamula dothi, dothilo n'kukakhala pansi pa damu, ndipo m'chilimwe mitsinje imaphwa msanga. Madzi amene anaphikira tiyi wa tsiku limenelo anachokera komweko. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, sililola kudula mtengo m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Gulu la anthu okonda mtengo likayamba kugula wakuba, lingaphunzitse chiyani atsikana awiri aja?

Ndiponso mitengo imene amisiri amaifuna si yomera lero n'kudula mawa. Mtengo wa phingo, wakuda uja wolemera mpaka kumira m'madzi, umene ku Ulaya amapangira zitoliro za mabandi akuluakulu, umatenga zaka 70 mpaka 100 kuti ufike podulidwa. Munthu amene akuudula lero akukolola zimene zinamera agogo ake ali ana. Maiko a dziko lapansi anaziona zimenezi. Pa msonkhano wa pangano la CITES umene unachitikira ku Johannesburg m'chaka cha 2016, mitengo ya mtundu wa phingo inaikidwa m'gulu la zinthu zosatuluka m'dziko mwachisawawa. M'chaka cha 2019 mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unalowa m'gulu lomwelo, ndipo mu 2022 ku Panama anaonjezamo mlombwa ndi mbawa. Inu a kunyanja funsani madala osema mabwato kuti masiku ano amayenda mtunda wotani kuti apeze mtengo wokwana bwato limodzi. Yankho lawo ndi nkhani yomweyi.

Nanga a ku Kaning'ina amasema chiyani? Apa ndi pamene tinaphunzira zambiri. Amasema zimene ena ataya. Mango wogwa ndi mphepo, nthambi za jakaranda zodulidwa m'mbali mwa msewu, mapeyala okalamba, gwafa, malaina, bulugamu, ndi zidutswa zotsala kwa akalipentala. Wina akamva kuti kwa uje akugwetsa mtengo kuti amange nyumba, amauza anzake ndipo amapita ndi wilibala. Gwafa ndi wolimba, amachita bwino pa zigwiriro ndi nguli. Jakaranda ndi woyera ndi wofewa, woyenera wophunzira. Mango ndiye anatidabwitsa: m'kati mwake mumatuluka mizere yachikasu, yofiirira ndi yakuda imene simungaiganizire mukamadya zipatso zake. Paini wa ku Chikangawa amamugwiritsa ntchito pa miyendo ya matebulo, ngakhale amang'ambika msanga ngati chitsulo chabuntha. Nkhalango imeneyo ya Viphya, ya mahekitala 53,000, inabzalidwa kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960 poyembekezera fakitale ya zopangira mapepala imene sinamangidwe, ndipo moto ndi macheka zaidya kwambiri. Ngakhale mtengo wobzala umatha ngati wodula achuluka kuposa wobzala.

Mtengo wauwisi uli ndi khalidwe lake. Umasemeka mofewa ngati mbatata, koma ukamauma umachepa, ndipo suchepa mofanana mbali zonse. Ndiye chifukwa chake mbale yosemedwa lero n'kumalizidwa lero imapezeka itang'ambika kapena itapindika pakatha milungu iwiri. Thabwa lokhuthala inchi imodzi limafuna pafupifupi chaka kuti liume bwino pamthunzi, ndiye ganizirani chipika. Njira yawo ndi yosema kawiri. Ulendo woyamba amaikumba mbaleyo mwachisawawa, n'kusiya m'mbali mokhuthala, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa kukamwa kwake. Amalemba tsiku ndi pensulo pansi pake, amaikulunga m'pepala pamodzi ndi zibenthu zake, n'kuiiwala miyezi ingapo. Ikauma imakhala itapindika ngati dzira. Pamenepo amaibwezera pa makina n'kuizunguliritsanso bwino. Chinanso, pakati penipeni pa mtengo, pa kamtima kaja, amapachotsa, chifukwa ming'alu yambiri imayambira pamenepo. Pa denga la chisakasacho panali mbale zambirimbiri zodikira, iliyonse ndi tsiku lake ndi chizindikiro cha mwini wake.

Za kupaka nazo tinakambirana. Ogulitsa ziboliboli ambiri amadetsa mtengo wamba ndi polishi wa nsapato kuti uoneke ngati phingo. Pa chokongoletsa pashelefu palibe amene angafe nazo, ngakhale kumuuza wogula kuti ndi phingo ndi bodza ndithu. Koma amayi, mbale kapena kamtondo kopakidwa polishi musaikemo chakudya. Mukafuna kudziwa, pukutani ndi kansalu koyera konyowa. A ku Kaning'ina amapaka phula la njuchi pa ziwiya za chakudya. Apa dala wina anatikumbutsa chinthu chimene ambiri okhala mu Mzuzu anachiiwala. Mzindawu unabadwa ndi mtengo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 bungwe la CDC linatsegula kumeneko minda ya mitengo ya tung, imene njere zake zimatulutsa mafuta opaka matabwa, ndipo malo a mindayo ndiwo anakula n'kukhala tauni, kenaka mzinda m'chaka cha 1985. Mafuta a tung mpaka lero amisiri a maiko akunja amawalemekeza chifukwa amalowa m'mtengo n'kuuma osalola madzi. Dalayo anaseka nati mafuta amene anabala mzinda wawo, lero mmisiri wa mumzindamo akawafuna amachita kuitanitsa kwa wobwera kuchokera ku Joni.

Tichenjezeko pang'ono, pakuti ena mwa inu muyesa. Fumbi la mtengo si la masewera. Nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa inaliika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa m'chaka cha 1995, makamaka ya m'mphuno, ndipo ngakhale zisanafike pamenepo limabweretsa chifuwa ndi mphumu. Popala ndi sandipepa tsekani pamphuno ndipo gwirirani ntchito pamalo opita mphepo. Chipika chachikulu chizizungulira pang'onopang'ono. Mpango, mkanjo, wotchi ndi ndevu zazitali zikhale kutali ndi chozungulira. Tupa lakale ambiri amalinola n'kukhala tchizulo, koma chitsulo chake n'chophweka kuthyoka ndipo chimathowa ngati galasi. A ku Kaning'ina amakonda zitsulo za masipuling'i a galimoto zosulidwa bwino. Ndipo nsanza zonyowa ndi mafuta opaka matabwa musaziunjike pangodya, zimatha kuyaka zokha.

Pobwerera kunyumba tinkaganiza kuti kodi luso limeneli linachokera kuti. Ndi lakale kwambiri. Ku Egypt, m'manda a mkulu wina wotchedwa Petosiris, muli chithunzi cha zaka pafupifupi 2,300 zapitazo chosonyeza anthu awiri, wina akukoka chingwe, wina atagwira chitsulo, monga momwe tinaonera kuseri kwa nyumba ija. Amene munafikako ku Cairo munaona mazenera a mashrabiya pa nyumba zakale monga Bayt al-Suhaymi, yomangidwa m'chaka cha 1648. Zenera limodzi limakhala ndi timitengo tozungulira tambirimbiri tolumikizana popanda misomali. Limalowetsa mphepo, limachepetsa dzuwa, ndipo a m'nyumba amaona kunja pamene wodutsa saona m'kati. Pamenepo ankaikapo mitsuko kuti madzi azizizira. Tinaganiza za kutentha kwa ku Mangochi mu October, ndi mazenera athu a magalasi amene timawatseka ndi makatani. Ku Marrakech m'dziko la Morocco, amisiri mpaka lero amazunguza mtengo ndi uta uli kudzanja limodzi, tchizulo akuiwongolera ndi zala za kuphazi.

M'maiko olemera luso limeneli linasanduka chosangalatsa cha anthu opuma pantchito, ndipo ali ndi makalabu ambiri. Ku America bungwe lawo, American Association of Woodturners, linayamba mu 1986 ndipo lili ndi nthambi zoposa 300. La ku Britain linayamba mu 1987, ngakhale kuti ku London amisiriwa analandira kalata yowavomereza kwa mfumu kale m'chaka cha 1604. Amakumana mwezi ndi mwezi, wina amaonetsa luso pamaso pa anzake, amabwerekana zida, ndipo ena amapanga timabokosi tokongola topatsa ana odwala m'zipatala. Ku Australia anafika poyambitsa zisakasa za abambo, zotchedwa Men's Sheds, ataona kuti bambo akasiya ntchito amangokhala yekha m'nyumba mpaka kudwala maganizo. Makina awo ndi a ndalama zambiri, koma tebulo lodzudzulirana ndi ketulo ya tiyi n'zimodzimodzi ndi za ku Kaning'ina. Kuno kwathu chitsanzo cha amisiri ophunzira pamodzi chilipo ku Mua, kumene malo a KuNgoni anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976 ndipo aphunzitsa osema ambiri.

Sitikufuna kukunamizani kuti chingwe ndi tchizulo zingaletse mwana wanu kukwera basi ya ku Joni. Mwa anthu 11 aja palibe amene amadyera pamenepo. Ndalama imene imapezeka ndi ya sopo. Amene ankadalira alendo oona malo, m'mbali mwa msewu wotsikira ku Nkhata Bay ndi m'magombe athu, anaona mu 2020 m'mene msika umenewo umathera tsiku limodzi matenda a Covid-19 atatseka malire. Chimene sichitha ndi kamtondo ka adyo, mwendo wa tebulo ndi chigwiriro cha mpeni, pakuti ogula ake ndi anansi. Mnyamata kapena mtsikana amene manja ake aonetsa mphatso angathe kupitiriza ku makoleji a ntchito zamanja monga wa Mzuzu kapena wa Salima, pansi pa bungwe la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999. Koma kuti mphatsoyo ioneke, pafunika malo pamene mwana angaononge chipika popanda womukalipira. Ife tili ndi mango wokalamba m'mudzi uliwonse kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Mpondasi, tili ndi madala odziwa kunola chitsulo amene amangoswera pansi pa mtengo, ndipo tili ndi ana amene akaweruka ku madrasa Loweruka alibe kolowera koma kunyanja kapena ku kanema. Thabwa limodzi, misomali iwiri ndi chingwe si zinthu zodikira wothandiza wochokera kunja. Ndipo atsikana musawasiye. Amene anatiwongola dzanja ife analibe ndevu.

Tingopempha chimodzi kwa amene muyambe: tsamba loyamba la kope lanu likhale la funso lija lakuti mtengo wachokera kuti, ndipo nyengo yobzala mitengo ikafika, imene imayamba pa 15 December mpaka 15 April, gulu lanu lipite ndi makasu. A ku Kaning'ina ali ndi mbande za mbawa m'timachubu kuseri kwa chisakasa. Dala amene amazithirira ali ndi zaka zoposa 70, ndipo anatiuza akuseka kuti mbale ya mitengo imeneyo sadzaiona.

Za mnyamata wa njinga uja, mkamwini wathu anatiuza pa lamya kuti anajomba ma Loweruka awiri. Lachitatu anatulukira ndi nthambi yaikulu ya mango ya kwa azakhali ake, anaitula pakhomo osalankhula kanthu, nakhala pansi n'kuyamba kukokera mnzake chingwe. Za mlombwa uja palibe amene anamufunsa.

Ife anatipatsa nguli ziwiri ndi mbale imodzi ya mango yosemedwa ulendo woyamba, tsiku lake lili pansi. Nguli zija zinabutsa nkhondo pakati pa adzukulu asanu tsiku lomwe tinafika, moti imodzi tinachita kuibisa m'thumba la mpunga. Mbale ija anatilangiza kuti kutentha kwa kunyanja kungaiumitse mofulumira n'kuing'amba, choncho ili pansi pa bedi m'pepala lake ndi zibenthu zake. Dzulo tinaisuzumira. Yayamba kupindika ngati dzira monga ananenera, koma mng'alu palibe. Mayi a kunyumba afunsa kale kawiri kuti mbale yosadyeramo ndi yantchito yanji. Tidzapita nayo ku Mzuzu mdzukulu akadzayamba kukwawa, Insha Allah, ndipo ulendo umenewo manja a mkanjo tidzapinda tokha.